Kumanga bolodi ya ADC ya matchanelo ambiri pa makina oyengera mafuta, kuyambira pa pepala mpaka pa khoma

Mafakitale ang'onoang'ono ambiri a kuno kummawa kwa Zambia, oyenga mafuta a mpendadzuwa, ogaya ufa kapena okazinga nsawa, amayendetsedwa ndi khutu ndi chikhatho. Woyendetsa makina amamvetsera kaliridwe ka mota, n'kukhudza chitsulo kuti amve ngati chatentha, akakhutira ntchito imapitirira. Luso limeneli si lonyozeka ayi, koma silisunga mbiri. Mota ikapsa Lachinayi usiku, palibe amene angakuuzeni kuti kuyambira Lolemba inkakoka magetsi ochuluka bwanji. Bolodi ya ADC ntchito yake ndi imeneyo. Imalandira voltage yochokera ku masensa, yomwe imangokwera ndi kutsika, n'kuisandutsa manambala oti kompyuta iwerenge ndi kusunga. Ikakhala ya matchanelo ambiri, bolodi imodzi imayang'anira malo 4, 8 kapena kuposa apo.

Ndikulembera mmisiri amene amadziwa kale kugwira multimeter ndi kuwotcherera waya pa bolodi. Chitsanzo chathu chikhala makina oyengera mafuta a mpendadzuwa a mota ya ma phase atatu, ngati amene amapezeka ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, ngakhale kuti njira yake ndi yomweyo pa chigayo kapena pa pampu ya madzi. Ndineneretu maganizo anga: pa ntchito yonseyi bolodi ndiye chinthu chosavuta. Manambala amaonongekera pa waya, pa earth ndi pa resistor ya ndalama zochepa, ndiye ndi pamenepo pamene tikhalitsepo.

Yambani ndi pepala

Musanaitanitse kanthu, zungulirani makinawo limodzi ndi amene amawayendetsa tsiku ndi tsiku. Afunseni kuti, "Amdala, makinawa akati avute amayamba bwanji?" Adzakuuzani kuti mota imasintha kaliridwe, keke, zotsalira za njere zofinyidwa, imatuluka yopserera, mafuta amachedwa kudutsa pa sefa. Mayankho atatuwo ndi matchanelo anu oyamba: current ya mota, kutentha kwa mgolo wofinyiramo njere, ndi kupanikizika kwa mafuta pa sefa. Onjezani mlingo wa mafuta m'thanki, ndipo current ya mota muiwerenge katatu, waya uliwonse pawokha. Apo matchanelo akwana 6. Konzekerani 8, chifukwa mwini fakitale akaona manambala oyamba sachedwa kupempha ena.

Pa tchanelo iliyonse lembani chimene mukuyeza, poyambira ndi pothera pake monga 0 mpaka 200 °C kapena 0 mpaka 10 bar, kutalika kwa waya kuchokera pa sensa kufika pa bokosi, ndi liwiro limene chinthucho chimasinthira.

Liwiroli ndi limene limagamula zambiri. Kutentha kwa chitsulo ndi mlingo wa m'thanki zimasintha pang'onopang'ono, kuwerenga kamodzi pa sekondi n'kokwanira. Magetsi a ZESCO amazungulira ka 50 pa sekondi, ndipo lamulo lodziwika ndi mayina a Nyquist ndi Shannon limati chinthu muchiwerenge mopitirira kawiri pa kuzungulira kwake kumodzi. Ndiye pa 50 Hz mukuyenera kupitirira ka 100 pa sekondi, koma kuti current ya mota ituluke yoona, anthu amawerenga ka 1,000 kapena kuposa. Mukawerenga mochepa, manambala samangoperewera, amanama. Phokoso la 50 Hz likamawerengedwa ka 49 pa sekondi limaoneka ngati funde loyenda pang'onopang'ono kamodzi pa sekondi, ndipo munthu akhoza kumasula makina abwinobwino kufunafuna vuto limene kulibe.

Njira yachidule ilipo. Gulani current transducer yomwe imawerengera yokha RMS, muyeso wa kukula kwa current yosinthasintha, n'kutulutsa 4–20 mA, current yaing'ono yokwera kuchokera pa 4 kufika pa 20 mA motsatira muyesowo. Mukatero tchanelo ya liwiro yasanduka yodekha, ndipo matchanelo onse 8 angathe kukhala a mtundu umodzi.

Sensa iliyonse itulutse 4–20 mA ngati n'kotheka

M'fakitale muli ma mota, ma contactor ndi makina owotcherera, zonsezi zikumwaza phokoso la magetsi. Voltage yaing'ono ikayenda mamita 30 m'malo otere imafika itasakanikirana ndi zinyalala. Current ilibe vuto lotere: imene yachoka pa sensa ndi imene ikafike pa bokosi, waya atalike bwanji. Ubwino wina ndi woti ziro wake ali pa 4 mA. Makoswe akaluma waya mumaona 0 mA, n'kudziwiratu kuti waya waduka, osati kuti thanki yauma.

Pa kutentha, sensa ya PT100, imene resistance yake imakwera ndi kutentha, ndi yoyenera makina a mafuta. Pa 0 °C imaonetsa 100 Ω, pa 100 °C imaonetsa 138.5 Ω. Muiikire transmitter yaing'ono ija yokhala m'mutu mwa sensa kuti ichoke pamenepo ili kale 4–20 mA. Thermocouple ya mtundu wa K muisungire malo otentha kwambiri monga ng'anjo yokazingira, podziwa kuti imatulutsa pafupifupi 41 µV yokha pa digiri iliyonse, ndiye siilowa pa bolodi mwachindunji popanda transmitter kapena chip yake monga MAX31855. Sikelo ya load cell nayonso ili ndi chip yake, HX711, ya 24-bit, yowerenga ka 10 kapena ka 80 pa sekondi. Musaikakamize pa bolodi imodzi ndi enawo.

Kusankha bolodi

Ogulitsa amatamanda ma bit. Bolodi ya 10-bit imagawa muyeso m'magawo 1,024, ya 12-bit m'magawo 4,096, ya 16-bit m'magawo 65,536. Koma ngati sensa yanu imalakwitsa ndi theka la peresenti, bolodi ya 24-bit siidzaichiritsa, idzangokulemberani cholakwikacho ndi manambala ambiri. Funso lalikulu n'lakuti bolodiyo imawerenga matchanelo ake motsatana kapena nthawi imodzi. Mabolodi ambiri ali ngati depoti yogulira chimanga yokhala ndi sikelo imodzi: matumba amadikirana pa mzere, ndipo mzere ukatalika thumba lililonse limafikiridwa mochedwa. Ena ali ndi sikelo ya thumba lililonse. Pa kutentha ndi mlingo kudikirako kulibe kanthu. Koma mukafuna kuwerengera mphamvu yeniyeni ya mota kuchokera pa voltage ndi current, kapena kuyeza kunjenjemera kwa ma bearing, zonse ziyenera kugwidwa pa kamphindi kamodzi.

ADS1115 ya Texas Instruments ndi imene ambiri timayambira. Ndi ya 16-bit, ili ndi matchanelo 4, imalankhula ndi kompyuta kudzera pa mawaya awiri a I2C, ndipo imafika ka 860 pa sekondi, koma 860 ameneyo amagawana matchanelo onse. Mwendo wake wa ADDR mukaulumikiza ku GND, VDD, SDA kapena SCL mumapeza ma adiresi 0x48, 0x49, 0x4A ndi 0x4B, kotero mabolodi anayi pa mawaya awiri omwewo amapereka matchanelo 16. MCP3008 ya Microchip ili ndi matchanelo 8 pa SPI, njira ina yolankhulira ndi kompyuta, ndipo ndi yachangu, koma ndi ya 10-bit. AD7606 ya Analog Devices ndiyo yowerenga nthawi imodzi: matchanelo 8, 16-bit, mpaka ka 200,000 pa sekondi tchanelo iliyonse, ndipo imalandira ±5 V kapena ±10 V. ADC ya mkati mwa ESP32, kompyuta yaing'ono yokhala ndi Wi-Fi, musaidalire pa muyeso weniweni, siyowongoka, ndipo gawo lake lotchedwa ADC2 siligwira Wi-Fi ikayaka. Raspberry Pi, kompyuta ina yaing'ono, ilibe ADC n'komwe.

Palinso ma module opangidwira fakitale, okoleka pa DIN rail, monga ADAM-4017+ ya Advantech, ya matchanelo 8, yolandira 4–20 mA ndi kulankhula chilankhulo cha makina chotchedwa Modbus RTU pa mawaya a RS-485. Mtengo wake ndi wokwera, koma mbali yoyeza ndi mbali ya kompyuta n'zolekanitsidwa mkati, ndipo ma terminal ake ndi omanga ndi sikuludiraiva. Ngati fakitale idzapanga zosankha za ndalama potengera manambalawo, gulani yotereyi. Ngati mukufuna kuphunzira, kapena kungoona kaye mmene makina akukhalira, ADS1115 ziwiri ndi ESP32 zikukwanirani, ndipo ndi zimene ndigwiritse ntchito m'munsimu popeza zimaonetsa poyera zimene module yodula imabisa mkati. Mulimonse mmene mwasankhira, overload relay ndi swichi yozimitsira mwadzidzidzi zikhale pomwe zili. Bolodi yathu ndi yoyang'ana ndi kulemba, si yoteteza munthu.

Zipangizozi kawirikawiri zimachokera ku Lusaka kapena pa intaneti, ndipo pamsika pali ADS1015 ya 12-bit yovekedwa dzina la ADS1115. Kuigwira n'kosavuta. Lumikizani potentiometer, muipotoze pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala osasinthidwa. Akamalumpha 16, 32, 48, 64 osatera pakati, mwagulitsidwa ya 12-bit.

Magetsi a bokosi

Ikani power supply ya 24 V DC yodyetsa masensa, kenako kachipangizo kotsitsa 24 V kufika pa 5 V ka kompyuta yaing'onoyo. ADS1115 muipatse 3.3 V yochokera pa ESP32. Kutsogolo kwa zonse kukhale fyuzi ndi surge protector.

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankathima maola ambiri pa tsiku, ndipo mafakitale ankangosinthasintha pakati pa ZESCO ndi jenereta. Kusinthako ndi kumene kumapha zipangizo zazing'ono, komanso SD card yosungirapo manambala imaonongeka magetsi akathima ili mkati molemba. Choncho bokosi likhale ndi batire lake loti liligwirizize mphindi zingapo, pulogalamu itseke fayilo bwinobwino. Ikaninso wotchi ya DS3231 yokhala ndi kabatire kake. Manambala opanda nthawi yolondola sathandiza munthu pofufuza chimene chinachitika.

Mbali ya 400 V ya mota igwiridwe ndi mmisiri wovomerezeka, magetsi atazimitsidwa, swichi itakhomedwa loko, kiyi ali m'thumba mwa wogwira ntchitoyo.

Kulumikiza tchanelo imodzi, ena onse adzatengera pomwepo

Titenge sensa ya kupanikizika ya 0–10 bar ya mawaya awiri. Kuchokera pa +24 V, dutsani pa fyuzi yodzibwezera yokha ya 50 mA, mulowe pa + ya sensa. Kuchokera pa − ya sensa, bwererani ku bokosi mulowe pa mwendo umodzi wa resistor ya 150 Ω. Mwendo winawo upite ku 0 V, yomwe ilumikizane ndi GND ya ADS1115 pa malo amodzi okha. Current yonse ya sensa ikudutsa m'resistor imeneyi, ndipo voltage ya pa miyendo yake ndiyo imene bolodi iwerenge.

Mabuku ambiri amatchula 250 Ω popeza imapereka 1 mpaka 5 V. Ife tasankha 150 Ω chifukwa bolodi yathu ikudya 3.3 V, ndipo mwendo wa ADS1115 suyenera kulandira voltage yoposa ya chakudya chake ndi 0.3 V. Ambiri amapusitsidwa ndi muyeso wa ±6.144 V wopezeka mu pulogalamu, n'kuganiza kuti bolodi ipirira 6 V. Muyesowo ndi wowerengera chabe, chip imapsa ndithu. Pa 150 Ω, 4 mA imapereka 0.6 V, 20 mA imapereka 3.0 V, tili mkati mwa malire.

Resistor imeneyi musaitole m'wailesi yakufa. Ya 1% ikhoza kukhala paliponse pakati pa 148.5 ndi 151.5 Ω, ndipo yotchipa imasuntha bokosi likatentha mu Okutobala. Funani ya 0.1% ya metal film. Pa zipangizo zonse za m'bokosi, iyi ndi imene ndingakulimbikitseni kuti musaumirepo ndalama.

Kuchokera pa mwendo wa pamwamba wa 150 Ω, musalowe pa A0 mwachindunji. Dutsani pa resistor ya 4.7 kΩ, ndipo pa mbali ya A0 ikani capacitor ya 2.2 µF yopita ku GND. Ziwirizi zimasefa chilichonse chachangu kuposa pafupifupi 15 Hz, ndipo phokoso la 50 Hz limatsika kupitirira katatu lisanafike pa chip. Pomwepo ikani diode ya Schottky ya pawiri monga BAT54S, imodzi yoloza ku 3.3 V, inayo yochokera ku GND. Tsiku limene mawaya a sensa adzakhudzane, 24 V yonse idzagwera pa 150 Ω. Fyuzi idzadula, ndipo pa kanthawi isanadule, 4.7 kΩ ndi diode zidzatchinjiriza chip.

Tsopano masamu. Ikani muyeso wa bolodi pa ±4.096 V. Pamenepo nambala imodzi ndi 125 µV. Ndiye 0.6 V ndi nambala 4,800, ndipo 3.0 V ndi 24,000. Pakati pake pali manambala 19,200 ogawidwa pa 10 bar, kutanthauza 1,920 pa bar iliyonse. Bolodi ikaonetsa 14,400, chotsanipo 4,800, zotsala 9,600 mugawe ndi 1,920, mupeza 5 bar. Mwaona kuti pa magawo 65,536 aja tikugwiritsa ntchito osakwana limodzi mwa magawo atatu, komabe n'zochuluka kuposa zimene sensa ingathe kusiyanitsa.

Bolodi yachiwiri muipatse adiresi 0x49 polumikiza ADDR ku VDD. Mawaya a I2C akhale aafupi, osatuluka m'bokosi. I2C inapangidwira kulumikiza zinthu za pa bolodi imodzi, siyoyenda nayo mpaka ku thanki.

Ngati pa mota mwasankha CT (current transformer) yongopana pa waya monga SCT-013, panani waya umodzi wokha, osati kebulo yonse, apo ayi ma current amafafanizana n'kuonetsa ziro. Mtundu wa SCT-013-000 umatulutsa 50 mA pa 100 A ndipo ulibe resistor mkati. CT yotere isasiyidwe miyendo ili pululu mota ikuyenda, chifukwa imatulutsa voltage yoopsa. Lumikizani resistor yake kaye musanaipane.

Njira ya mawaya ndi earth

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera, chonsecho bolodi ili bwinobwino. Gwiritsani ntchito waya wopotana awiriawiri wokhala ndi shield, chikuto cha chitsulo chotchinga phokoso. Shield muilumikize ku earth mbali imodzi yokha, ya ku bokosi, ndipo mbali ya ku sensa muidule n'kuikulunga ndi tepi isakhudze chitsulo. Mukailumikiza mbali zonse ziwiri, earth ya pa makina ndi ya pa bokosi sizikhala pa voltage yofanana ndendende, ndiye current imayamba kuyenda mu shield, chimene munaika kuti chiteteze n'kukhala chobweretsa phokoso.

Mawaya a masensa asagone mu paipi imodzi ndi kebulo ya mota. Alekanitseni ndi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pamene akuyenera kudutsana adutsane mopingasa, osayenda limodzi. Pakakhala VSD yosinthira liwiro la mota, talikirani kwambiri, popeza kebulo yochoka pa VSD kupita ku mota ndiyo yaphokoso kuposa zonse m'nyumbamo. Mwini fakitale adzakuuzani kuti, "Amisiri, paipi ilipo kale iyi, bwanji osangolowetsa momwemo?" Afotokozereni modekha kuti paipi yachiwiri ndi yotchipa kuposa ulendo wanu wobwera kudzafufuza manambala ovina.

Sensa ina imabwera ndi magetsi akeake, kapena mwendo wake umodzi umakhudza thupi la makina. Yotere muiwerenge pa miyendo iwiri, A0 ndi A1, bolodi iyeze kusiyana kwa iwiriyo m'malo moyezera ku GND. Matchanelo a bolodiyo atsika kuchoka pa 4 kufika pa 2, koma manambala adekha. Zikakanikabe, ikani isolator ya 4–20 mA pa tchanelo imeneyo.

Ndodo ya earth muiyeze m'chilimwe. Dothi la mu Okutobala louma gwa limapereka resistance yokwera kuposa la mu Febuluwale, ndiye earth yooneka yabwino m'dzinja ikhoza kukhala yofooka nthawi ya dzuwa. Mvula ikayamba mu Novembala imabwera ndi ziphaliwali, ndipo waya aliyense wotuluka panja kupita ku thanki kapena ku pampu ya pa chitsime ndi khomo lolowera mphenzi. Waya wotere akhale ndi chotetezera chake polowera m'nyumba. Mtunda ukatalika, kuli bwino kuika module kufupi ndi masensa n'kubweretsa manambala pa RS-485, yomwe imafika mamita 1,200 pa liwiro lotsika. Ma module alumikizane motsatana pa waya umodzi, osati nthambinthambi, ndi resistor ya 120 Ω kumapeto onse awiri, ndipo iliyonse ikhale ndi adiresi yakeyake ya Modbus pakati pa 1 ndi 247.

Pulogalamu

Werengani tchanelo imodzi, dikirani bolodi inene kuti yamaliza, kenako musinthe. Pa liwiro la 128 pa sekondi kuwerenga kumodzi kumatenga pafupifupi 8 ms. Mukafulumira kutenga nambala mutangosintha tchanelo, mudzalandira ya tchanelo yapitayo, n'kumadabwa kuti kutentha kukutsatira mlingo wa m'thanki.

Phokoso la 50 Hz limazungulira kamodzi pa 20 ms. Mukasonkhanitsa manambala kwa 100 ms kapena 200 ms n'kupeza pakatikati pake, kukwera ndi kutsika kwa phokosolo kumafafanizana. Jenereta siikhazikika pa 50 Hz ndendende, ndiye pamene jenereta imagwira ntchito kawirikawiri sankhani nthawi yotalikirapo.

Phunzitsani pulogalamu kuzindikira sensa yodwala. Mwambo wa NAMUR NE 43 umati current ya 3.6 mA kutsika pansi, kapena ya 21 mA kukwera, ndi chizindikiro cha vuto. Pa masamu athu aja amenewa ndi manambala 4,320 ndi 25,200. Kunja kwa malire amenewa pulogalamu ilembe mawu oti VUTO, isalembe 0 bar.

Pa mzere uliwonse wa fayilo sungani nthawi, nambala yosasinthidwa ya bolodi, ndi muyeso wowerengeredwa. Nambala yosasinthidwayo idzakuthandizani mukadzasintha calibration, popeza mudzatha kuwerengeranso zakale. Matchanelo 8 owerengedwa sekondi iliyonse amabala manambala 691,200 pa tsiku, amene palibe munthu adzawerenge. Pa mphindi iliyonse sungani yotsikitsitsa, yokwereratu ndi ya pakatikati. Yokwereratuyo musaitaye, ndi imene imaonetsa pamene makina anatsamwa kwa masekondi awiri.

Kuyesa ndi calibration

Musanalumikize sensa yeniyeni, ikani m'malo mwake resistor ya 1 kΩ ya 1 W ndi potentiometer ya 10 kΩ motsatana, multimeter ili pa mA mu mzere womwewo. Potozani mpaka 4.00 mA, lembani nambala ya bolodi. Potozaninso mpaka 20.00 mA, lembani. Mwina mupeza 4,812 ndi 24,031 m'malo mwa 4,800 ndi 24,000. Manambala anu enieniwo ndi amene alowe mu pulogalamu, tchanelo iliyonse ndi akeake. Onaninso pa 12 mA kuti nambala igwere pakati.

Kenako yesani mzere wonse ndi sensa yake. PT100 muimize m'madzi odzaza ndi ayezi wophwanya, mukuvundula, ionetse 0 °C. Pa madzi owira samalani. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kuno madzi amawira cha m'ma 96 °C, osati 100 °C ya m'buku la kusukulu. Mukaikakamiza sensa kuti inene 100, mwailowetsa cholakwika cha madigiri pafupifupi anayi ndi manja anu. Current ya mota muiyerekeze ndi clamp meter makina akugaya, waya uliwonse. Sikelo muiyese ndi miyala ya kulemera kodziwika, koma dziwani kuti sikelo yogulira mbewu kwa alimi kapena yogulitsira iyenera kutsimikizidwa ndi a Zambia Metrology Agency. Ya HX711 yanu ndi yoonera za mkati mwa fakitale basi.

Kuyesa komaliza ndi kwa phokoso. Makina onse ali chete, lembani manambala kwa mphindi zisanu, muone mmene akugwederera. Yatsani mota, muonenso. Tchanelo ya mlingo wa m'thanki ilibe chifukwa chosinthira mota ikayaka. Ikasintha, musathamangire kuwonjezera kusefa mu pulogalamu. Bwererani ku shield ndi ku njira ya waya. Tchanelo yosagwiritsidwa ntchito muilumikize ku GND, chifukwa ikasiyidwa lende imatola manambala a mumphepo.

Bokosi pa khoma

Fumbi la mpendadzuwa lili ndi mafuta, limamatirira pa bolodi n'kuyamba kukoka chinyezi. Bokosi likhale la IP65, losalowa fumbi ndi madzi owaza, mawaya alowere pansi kudzera m'ma gland omangidwa bwino, ndipo bowo lililonse lotsala litsekedwe, apo ayi mavu adzamangamo nyumba ya dothi ndipo nalimata adzagona pa ma terminal. Lipachikeni pa khoma losanjenjemera, kutali ndi dzuwa la masana ndi kutentha kwa mgolo. Nsonga ya waya aliyense ivale ferrule ndi nambala yofanana ndi ya pa pepala lanu loyamba lija. Mawaya ongobaya a pa breadboard asalowe m'bokosi la fakitale, amasololoka ndi kunjenjemera.

Malire a alamu musawaike tsiku loyamba. Siyani bokosi lilembe kwa sabata imodzi kapena ziwiri makina akugwira ntchito yawo ya masiku onse, kenako khalani pansi ndi woyendetsa makina muyang'ane limodzi. Iye adzakuuzani kuti apa ndi pamene tinathira njere zanyontho, apa ndi pamene lamba anatereka. Malire a pamwamba a current asapitirire nambala yolembedwa pa chikwangwani cha mota, ndipo muikenso alamu ya phase imodzi ikasiyana kwambiri ndi inzake, popeza mota yotsala ndi ma phase awiri imapsa msanga. Njere zongokololedwa kumene sizilemetsa makina mofanana ndi zimene zakhala m'nkhokwe mpaka chilimwe, ndiye malirewo mudzawaonanso nyengo ikasintha.

Mkati mwa chitseko cha bokosi matani pepala lokutidwa ndi pulasitiki lokhala ndi chithunzi cha mawaya, ma adiresi a mabolodi, manambala a 4 mA ndi 20 mA a tchanelo iliyonse, ndi tsiku limene munayesa. Kuyesa kwa 4 ndi 20 mA muzikubwereza chaka chilichonse mpendadzuwa watsopano usanayambe kulowa, komanso nthawi iliyonse mukasintha sensa, resistor kapena bolodi.